Kaloboti ka ana athu kakulephera kukwera thabwa titasintha magiya

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za makina. Pa kalabu ya sayansi ya pasukulu pathu kuno ku Zomba, ana a Fomu 3 apanga kaloboti ka matayala awiri kutsogolo ndi kagudumu kamodzi kongotsatira kumbuyo. Tikugwiritsa ntchito timamota tiwiri tachikasu tija timabwera ndi kabokosi kake ka magiya kolembedwa 1:48, matayala a mamilimita 65, kakompyuta kakang'ono kolamulira kalobotiko kotchedwa Arduino Uno, kabolodi koyendetsera mamota ka L298N ndi mabatire anayi a AA. Poyamba kankayenda bwino ndithu, ndipo kankakwera thabwa limene timalitsamiritsa pa njerwa. Anawo anaona kuti kakuchedwa, choncho mbali iliyonse anaika giya ya mano 24 pa shafiti yotuluka m'kabokosi, ndi ina ya mano 8 pa ekiselo ya tayala. Tsopano tikakanyamula m'mwamba matayala amathamanga moopsa, koma tikakaika pa simenti kamanyamuka mokayikakayika, nthawi zina mpaka wina akakankhe ndi chala. Pa thabwa paja sikakwera n'komwe. Kamangolira, mamota amatentha, ndipo Arduino imazima n'kuyakanso yokha. Kodi vuto ndi magiyawo, mabatire, kapena mamota atha?

Makaniko_Chinamwali
Mamota sanathe, aphunzitsi, musawononge ndalama kugula ena. Giya ya mano 24 ikazungulira kamodzi imakankha mano 24, ndipo ya mano 8 iyenera kuzungulira katatu kuti iwalandire onsewo. Tayala likuzunguliradi katatu kuposa kale, koma mphamvu yolizunguzira yatsala gawo limodzi mwa magawo atatu. M'mwamba simukuona vuto chifukwa tayala silikukankha chilichonse.

Chikanda_Fizikisi
Ndiloleni ndiike masamu pa zimene anena a Makaniko, kuti anawo athe kuwerengera okha. Chiwerengero cha magiya timachipeza pogawa mano a giya yoyendetsedwa ndi mano a giya yoyendetsa. Giya ya mano 8 ikamayendetsa ya mano 24 timapeza 3, kutanthauza kuti liwiro latsika katatu, mphamvu yakwera katatu. Ana anu achita mosemphanitsa, 8 kugawa ndi 24, ndipo apeza gawo limodzi mwa atatu. Magiya akalumikizidwa motsatizana ziwerengero zake timachulukitsa, sitiphatikiza. Kabokosi kachikasu katsitsa liwiro la mota ka 48, magiya a anawo alikweza katatu, ndiye zonse pamodzi zafika pa 16:1.

Tione liwiro. Ogulitsa ambiri amalemba kuti kamota kameneka, kakalandira 6V ndipo sikanasenze katundu, kamazunguza tayala maulendo pafupifupi 200 pa mphindi. Tayala la mamilimita 65 likazungulira kamodzi limayenda 65 kuchulukitsa ndi 3.14, omwe ndi mamilimita 204. Pa mphindi ndi mamita pafupifupi 41, kapena masentimita 68 pa sekondi. Pa 16:1 tayala lifika maulendo 600 pa mphindi, mamita 2 pa sekondi, ndipo ndi liwiro limene mukuliona mukakanyamula m'mwambalo.

Kumbali ya mphamvu, ogulitsa omwewo amalemba pafupifupi 0.8 kg·cm pamene mota yagwidwa osatha kuzungulira, kutanthauza kukoka kofanana ndi kulemera kwa magalamu 800 pa mtunda wa sentimita imodzi kuchokera pakati pa shafiti. Kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete ndi masentimita 3.25, choncho tayala limodzi lingakoke mphamvu yofanana ndi kulemera kwa magalamu 246, awiriwo pafupifupi 490. Mukagawa ndi 3 mutsala ndi magalamu 164 okha, tisanachotsepo zotayika pokhulana mano. Aphunzitsi, kalobotiko kakulemera bwanji, ndipo thabwalo mwalikweza motani?

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Zikomo achimwene. Takayeza pa sikelo ya mu labu, kali ndi magalamu 900 pamodzi ndi mabatire. Thabwa ndi lotalika mita imodzi, ndipo mbali yokwerayo ili masentimita 20 kuchokera pansi.

Chikanda_Fizikisi
Ndiye nkhani ya thabwa yatha. Pa chitunda, mphamvu yobwezera katundu m'munsi ndi kulemera kwake kuchulukitsa ndi msinkhu wa chitundacho, kugawa ndi kutalika kwa thabwa. Apa ndi 900 kuchulukitsa ndi 20 kugawa ndi 100, magalamu 180. Kale munali ndi 490 polimbana ndi 180, n'chifukwa chake kankakwera. Lero muli ndi 164 polimbana ndi 180 yomweyo. Ngakhale mutaika mabatire atsopano a mtundu womwewo, sikakwera.

Wokonza_Njinga_Matawale
Pepani anthu ophunzira, ine pali pamene sindikumvetsa. Pa njinga zimene ndimakonza tsiku ndi tsiku, giya yaikulu imakhala ku mapedulo, yaing'ono kumbuyo. Zambiri zimabwera ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, ndipo munthu amanyamula thumba la makala kapena kasitomala n'kuyenda bwinobwino. Ana aja sanachite chimodzimodzi? Nanga iwo alakwa pati?

Mayi_Injiniya
Bambo a ku Matawale, funso lanu ndi limene lili pamtima pa nkhani yonseyi, ndipo anawo ndikukhulupirira kuti anatengera njinga yomweyo. Kusiyana kuli pa chimene chikuyendetsa. Mwendo wa munthu ndi wamphamvu koma ndi wochedwa. Wopalasa amazunguza mapedulo mwina kamodzi pa sekondi, kupitirirapo pang'ono akamathamanga. Choncho njinga imafuna magiya okweza liwiro, ndipo 44 kugawa ndi 18 zikupereka kuti tayala lizungulire pafupifupi kawiri ndi theka pa kupalasa kumodzi. Komabe inu nomwe mukudziwa zimene zimachitika pa msewu wokwera ku Ku Chawe: wa njinga yopanda magiya osinthira amatsika n'kumakankha, chifukwa mwendo wake sungakwanitsenso chiwerengero chimene chinali chabwino pa msewu wa ku Matawale.

Kamota ka magetsi kali mosiyana ndi mwendo. Ndi kothamanga kwambiri koma kofooka, moti mutha kukaimitsa ndi zala ziwiri. Ngati tayala likuzungulira maulendo 200 kudzera mu 1:48, ndiye kuti mota yeniyeniyo mkatimo ikuzungulira 200 kuchulukitsa ndi 48, maulendo 9,600 pa mphindi. Mutalumikiza tayala la mamilimita 65 mwachindunji, masamu akunena kuti kaloboti kathamanga makilomita 117 pa ola. Zoona zake n'zakuti sikangasunthe n'komwe. Ndiye kabokosi kachikasu kaja anakaikapo dala kuti kasandutse liwiro lopanda ntchitolo likhale mphamvu, ndipo ana athu abweza m'mbuyo mbali ina ya ntchito imeneyo.

Kumene kukweza liwiro kumafunika ndi pamene choyendetsa n'chochedwa koma choyendetsedwa chikufuna kuthamanga. William Kamkwamba wa ku Kasungu atapanga makina ake oyendera mphepo ali ndi zaka 14, anagwiritsa ntchito zida za njinga, chifukwa mapiko amazungulira pang'onopang'ono pamene dayinamo imatulutsa magetsi ikamathamanga. Pa kaloboti zinthu zatembenuka: mota ndiyo ikuyendetsa, osati kuyendetsedwa.

Wokonza_Njinga_Matawale
Ndamva tsopano, mayi. Ndi zoona, akabaza ena amandipempha kuti ndiwaikire ya mano 20 kapena 22 kumbuyo chifukwa cha zitunda zathuzi, ndipo amadziwa okha kuti pa chigwa aziyenda mochedwerapo.

WaKuSadzi
Ine sindikugwirizana ndi kuwaweruza anawo msanga chotere. Za thabwa ndavomera, masamu a achimwene a ku Chikanda ndi omveka. Koma aphunzitsi anena kuti ngakhale pa simenti yosalala kakuvutika kunyamuka, ndipo apa magiya okha sakufotokoza. Tiyerekeze kuti pamafunika mphamvu ya magalamu 60 kuti kaloboti ka magalamu 900 kaziyenda pamalo athyathyathya. Magalamu 164 ndi ochuluka kuposa 60. Mota ya mtundu umenewu liwiro lake limatsika molingana ndi katundu: ikasenza theka la mphamvu yake yonse imathamanga theka la liwiro lake. Ndiye 60 mwa 164 ndi magawo 37 pa 100 alionse, kutsala 63, ndipo magawo 63 a mamita 2 pa sekondi ndi pafupifupi mita 1.3. Pa 48:1, ndi kabokosi kokha monga kale, kakanayenda masentimita 60 pa sekondi. Mukuona kuti pansi posalala anawo anayenera kupambana, kuwirikiza kawiri. Ngati sizikutero, pali china chimene chikudya mphamvu, ndipo ine ndikukayikira magetsi.

Wokonza_Mawailesi
A ku Sadzi akunena zoona, ndipo chizindikiro aphunzitsi achitchula okha: Arduino ikuzima n'kuyakanso. Kabolodi ka L298N kamadya pafupifupi 2V mkati mwake, n'chifukwa chake kali ndi chitsulo chakuda choziziritsira. Mabatire anayi a AA ndi 6V akadali atsopano, ndiye ku mota kukufika 4V kapena kucheperapo. Masamu onse aja anawerengera 6V. Pa 4V liwiro ndi mphamvu zonse zimatsika kufika magawo awiri mwa atatu, ndipo magalamu 164 aja asanduka 110.

Chachiwiri, mota imakoka magetsi ochuluka kwambiri pamene yaima kapena ikuyamba kumene kuzungulira. Ikamathamanga imapanga magetsi akeake otsutsana ndi a batire, ndipo zimenezi zimachepetsa amene ikukoka. Mukaipanikiza ndi magiya olemera imakhala nthawi yaitali ikuzungulira pang'onopang'ono, ikumwa magetsi ambiri, ambiri mwa iwo akungosanduka kutentha. Mabatire otsika mtengo aja ogulitsa pa matebulo mumsika wa Zomba anapangidwira wailesi ndi tochi, sangapirire zimenezi. Mphamvu yawo imagwa kwa kanthawi, Arduino imasowa 5V yake n'kuyambiranso.

Njira yake ndi iyi. Pezani mabatire awiri a 18650, amene amapezeka m'mabatire akale a laputopu. Lililonse ndi 3.7V, likadzaza 4.2V, ndiye awiri olumikiza motsatizana apereka 7.4V mpaka 8.4V. L298N ikadyapo zake ku mota kufika pafupifupi 6V, imene mamotawo amafuna. Koma muziwatchaja inuyo ndi chotchajira chake, ana asamawasewere, chifukwa mawaya ake akagundana amatentha mpaka kuyaka. Mukapeza kabolodi ka TB6612FNG ndiye bwino koposa, sikataya magetsi ambiri ngati L298N.

Kamnyamata_ka_Ndola
Bwanji osangoika batire ya 9V ija ya makona anayi? Naini ndi wamkulu kuposa sikisi, ndipo ndi yopepuka.

Wokonza_Mawailesi
Ayi mphwanga. Batire imeneyo ili ndi mavolti ambiri koma singatulutse magetsi ochuluka nthawi imodzi. Mukailumikiza ku mamota awiri imagwa pomwepo ndipo imatha mwamsanga. Ndi yabwino pa mita yoyezera, osati pa matayala.

Makaniko_Chinamwali
Magetsi ndavomera, koma musaiwale manja a amene anamanga. Poyamba tayala linali pa shafiti ya kabokosi, yomwe inapangidwa ku fakitale. Tsopano lili pa ekiselo imene ana apanga okha, mwina ya sipoko ya njinga kapena msomali, yodutsa pa bowo la thabwa kapena pulasitiki. Ekiselo ikapindika pang'ono kapena bowo likathina, magalamu 60 a a ku Sadzi aja akhoza kufika 100 mosavuta. Ndipo choipa chake n'chakuti kukhulana kulikonse kwa pa ekiselo ya tayala, kabokosi kakukumva katatu chifukwa cha magiya omwewo.

Aphunzitsi, chitani izi. Chotsani giya ya mano 24 mbali zonse kuti matayala akhale omasuka, kenako kankhani kalobotiko pang'ono pa simenti. Kakapitirira kokha kamtunda ndithu, ekiselo zili bwino. Kakaima pomwepo, vuto lina lili pamenepo. Pobwezeretsa magiya, dulani kachidutswa ka pepala la m'kope, kaikeni pakati pa mano a magiya awiriwo, akanikizeni, mangani, kenako zunguzani kuti pepalalo lituluke. Mpata umene latsalawo ndi wokwanira. Magiya othinana amalira ndi kudya mphamvu, otalikirana amalumpha mano.

Ndifunsenso: magiyawo munawatenga malo amodzi? Mano ayenera kukhala a kukula kofanana. Giya ya m'pulinta yakale ndi ya m'kagalimoto koseweretsa zikhoza kuoneka ngati zikulumana, koma ngati mano a ina ndi aakulu kuposa a inzake zizingoguguda.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Onse ndi a LEGO Technic, bambo, tinapatsidwa thumba limodzi. Muli a mano 8, 16, 24 ndi 40. Koma za ekiselo mwalasa, ndi sipoko yodutsa m'kachubu ka cholembera, ndipo ya kumanzere ikuoneka kuti ndi yokhota.

Kamnyamata_ka_Ndola
Poti muli ndi ya mano 40, iikeni pakati pa ya 24 ndi ya 8. Yaikuluyo iwonjezera mphamvu, yaing'onoyo isunga liwiro, mupeza zonse ziwiri.

Mayi_Injiniya
Mwanawe, ganizo limenelo amabwera nalo ambiri, koma werenga mano. Ya 24 ikazungulira kamodzi ikankha mano 24 a ya 40, ndipo ya 40 ikankha mano 24 omwewo a ya 8, imene izungulirabe katatu. Giya ya pakati, kaya ikhale ya mano angati, sisintha chiwerengero. Imangosintha kumene tayala likulowera ndi kudzaza mpata pakati pa mashafiti otalikirana, ndipo imawonjezera malo ena okhulana. Chiwerengero chimasintha pokhapokha magiya awiri osiyana kukula akamangidwa pa shafiti imodzi, wina kulandira, wina kupereka. Mukatsegula kabokosi kachikasu mupeza zimenezo: timagiya ta nsanjika, giya yaing'ono kuyendetsa yaikulu, yaikuluyo itanyamula yaing'ono ina pamsana. Ndi mmene 48 amakwanira m'kabokosi kochepa chotero. Palibe kalumikizidwe ka magiya kamene kangakupatseni liwiro ndi mphamvu nthawi imodzi, chifukwa magiya sapanga mphamvu, amangogawa imene mota yapereka, n'kudyapo pang'ono.

Agogo_a_ku_Domasi
Ine za masamu ndasiyira inu ana. Koma mano a makina alionse amafuna mafuta. Adonthezereni oyilo wa makina osokera muone ngati sikayenda.

Makaniko_Chinamwali
Agogo, pa makina osokera mwalondola chifukwa ndi zitsulo ndipo zili mkati. Magiya awa ndi a pulasitiki ndipo ali poyera, pafupi ndi pansi. Ndi fumbi la mwezi wa Okutobala lino, oyilo agwira mchenga n'kukhala phala lopala mano. Magiya a LEGO amayenda bwino ali ouma. Ngati pali pofunika kuterera ndi pa ekiselo, ndipo pamenepo kupaka mtovu wa pensulo n'kokwanira.

Chikanda_Fizikisi
Popeza m'thumbamo muli ya mano 16, pali njira ya pakati imene ndikuona kuti ndiyo yoyenera kuyesa. Siyani ya 24 pomwe ili, koma ku tayala ikani ya 16 m'malo mwa ya 8. Liwiro likwera kamodzi ndi theka, ndipo zonse pamodzi zikhala 32:1. Pa 6V yeniyeni tayala lizungulira maulendo 300 pa mphindi, mita imodzi pa sekondi likakhala m'mwamba, ndipo mphamvu yokoka ikhala magalamu 327.

Tsopano yerekezani atatuwa pogwiritsa ntchito lamulo limene atchula a ku Sadzi. Pansi posalala, ndi magalamu 60 oyerekeza aja, 48:1 ipereka masentimita 60 pa sekondi, 32:1 ipereka 83, 16:1 ipereka pafupifupi 130. Pa thabwa, pongowerengera magalamu 180 a chitunda, 48:1 ipereka masentimita 43, 32:1 ipereka 46, ndipo 16:1 siyenda. Taonani pa thabwapo: takweza magiya ndi theka lathunthu koma tapindula masentimita atatu okha, ndipo tikapitirira pamenepo liwiro liyamba kutsika mpaka kufika pa ziro. Chifukwa chake n'chakuti mota yotere imatulutsa ntchito yochuluka kwambiri pamene ikuthamanga theka la liwiro lake lopanda katundu. Pa 32:1 pa thabwa yasenza 180 mwa 327, magawo 55 pa 100, ndiye yadutsa kale pang'ono pamalo amenewo. Choncho funso lakuti ndi magiya ati othamanga lilibe yankho limodzi mpaka mutanena kulemera kwa kaloboti ndi njira imene kadutse.

Mayi_Injiniya
Masamuwo ndi olondola, koma ndichenjeze pang'ono. Pamalo pamene mota ikutulutsa ntchito yochuluka si pamalo poti izikhalapo nthawi yaitali. Pa theka la liwiro, theka kapena kupitirira la magetsi amene ikumwa likusanduka kutentha. Kukwera thabwa la mita imodzi kwa masekondi awiri kapena atatu palibe vuto. Koma pa ulendo wonse ndi bwino kuti izithamanga kufupi ndi liwiro lake lopanda katundu, itasenza gawo laling'ono la mphamvu yake. Ndiponso magalamu 180 aja sanaphatikize kukhulana kwa ekiselo, ndiye pa 32:1 malire ali pafupi kuposa mmene pepala likuonetsera. Akonze kaye ekiselo ndi mabatire asanayese.

WaKuSadzi
Pali njira ina yosafuna giya ngakhale imodzi. Tayala nalonso ndi gawo la chiwerengero. Bwezerani matayala pa shafiti ya kabokosi monga kale, koma muike aakulu. Tayala la mamilimita 100 limayenda mamilimita 314 likazungulira kamodzi, kuposa 204 aja kamodzi ndi theka, zofanana ndi 24 kwa 16, koma popanda ekiselo ya sipoko ndi mano owonjezera. Ma CD akale ndi a mamilimita 120, amayenda 377. Mphamvu yokoka itsika mofanana, palibe chaulere, koma zotayika zichepa.

Wokonza_Njinga_Matawale
CD yokha imaterera pa simenti, ndipo pa thabwa ndiye izingozungulira pamodzimodzi. Matikizani awiri kapena atatu kuti ikhale yokhuthala, kenako dulani mphira wa chubu chakale cha njinga mozungulira n'kuuveka m'mphepete. Machubu otha ndili nawo ambiri, aphunzitsi atume mwana adzatenge. Chovuta ndi kupeza pakati penipeni, chifukwa bowo la CD ndi lalikulu kuposa shafiti, ndipo mukaphonya pang'ono kaloboti kaziyenda motsimphina.

Mlongo_wa_Makompyuta
Ndawerenga zonse ndipo palibe amene wafunsa kuti kalobotiko ntchito yake n'chiyani. Ngati ndi mpikisano wothamanga molunjika, pitirizani. Koma ngati n'kotsata mzere wakuda pansi, liwiro la mamita 2 pa sekondi ndi tsoka. Pa liwiro limenelo kamadutsa masentimita 2 pa gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, ndipo tepi yakuda ya magetsi ija sifika n'komwe masentimita 2 m'lifupi. Timaso take tikaona kuti mzere wakhota, mamota asanamvere, kadutsa kale.

Wina anganene kuti tiika magiya othamanga kenako tichepetsa liwiro mu pulogalamu. Pa Arduino, analogWrite imalandira nambala kuyambira 0 mpaka 255, ndipo mukalemba 90 m'malo mwa 255 mota imachedwadi. Koma mukatero mwachepetsanso mphamvu imene ingatulutse, moti pa nambala zotsika imangolira osazungulira. Giya ikatsitsa liwiro imakupatsani mphamvu m'malo mwake. Pulogalamu ikatsitsa liwiro sikupatsani kanthu. N'chifukwa chake ndi bwino kusankha magiya amene liwiro lake lapamwamba langoposa pang'ono limene mukufuna, pulogalamu izingokonza zotsalazo. Ngakhale Curiosity, loboti ya NASA imene inatera ku Mars mu 2012, yolemera pafupifupi makilogalamu 900, liwiro lake lapamwamba ndi masentimita 4 okha pa sekondi. Kaloboti ka ana anu ka 48:1 kakuiposa kutali.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Achemwali, mwafunsa bwino. Cholinga n'choti katsate mzere wa tepi umene uli ndi makona angapo, kenako kakwere thabwa n'kutsika mbali inayo. Ndiye ndikuona kuti 16:1 tiisiya. Ndiwagawa anawo m'magulu, lina libwerere ku 48:1, lina liyese 24 kwa 16, ndipo onse agwiritse ntchito mabatire a 18650. Ndikufuna kuti ayeze okha m'malo mongowauza yankho. Ndi njira iti yosavuta yoyezera popanda zida zodula?

Chikanda_Fizikisi
Zida muli nazo kale, aphunzitsi. Pa liwiro, jambulani mizere iwiri ndi choko pakhonde, yotalikirana mamita 3. Kaloboti kayambire kumbuyo kwa mzere woyamba kuti kafikepo kali kale pa liwiro lake, ndipo mwana mmodzi awerenge nthawi ndi foni. Abwereze kangapo n'kutenga nambala ya pakati. Kenako ayesenso kakuyambira pa mzere penipeni kataima, chifukwa apa ndi pamene magiya othamanga amaonekera kufooka kwawo: amatenga nthawi kuti afike pa liwiro, ndipo pa mtunda waufupi wokhala ndi makona akhoza kugonja kwa ochedwa.

Pa maulendo a tayala, matani kachidutswa ka pepala loyera m'mphepete, kanyamuleni m'mwamba, jambulani kanema ndi foni n'kumuonera pang'onopang'ono mukuwerenga. Pa mphamvu yokoka, tengani sikelo ya sipuling'i ya mu labu, kolani mbedza yake kumbuyo kwa kaloboti, gwirani mbali inayo, yatsani kwa sekondi imodzi kapena ziwiri zokha n'kuwerenga. Muonetsetse ngati matayala aima kapena akuterera. Akaima, malire ndi mota ndi magiya. Akamaterera, mphamvu ilipo yokwanira, chikusowa ndi kugwira pansi, ndipo mankhwala ake ndi mphira kapena kusunthira mabatire pamwamba pa matayala oyendetsa, osati kusintha magiya. Sikelo yomweyo ikupatsani nambala yeniyeni m'malo mwa magalamu 60 oyerekeza aja: chotsani magiya a ku mota monga ananenera a Makaniko, kokani kalobotiko pang'onopang'ono ndi sikelo, muwerenge.

Kamnyamata_ka_Ndola
Nanga kagiya kooneka ngati sikuluwu kaja kamapezeka m'zida za LEGO, kangathandize pa thabwa?

Mayi_Injiniya
Kamene kaja kakazungulira kamodzi kamasuntha dzino limodzi lokha, ndiye kakamayendetsa giya ya mano 24 chiwerengero ndi 24:1 pa sitepe imodzi. Mukakaika pambuyo pa kabokosi ka 48 mufika pa 1,152:1, tayala lizungulira maulendo 8 pa mphindi, ndipo thabwa la mita imodzi litenga masekondi oposa 30. Kamatayanso mphamvu yambiri chifukwa mano ake amakwechesana m'malo mogubuduzana. Ubwino wake ndi wakuti tayala silingakazunguze mobwerera, choncho magetsi akazima katundu amakhala pomwe ali. N'koyenera pa mkono wonyamulira zinthu, osati pa matayala a kaloboti kotsata mzere.

Wokonza_Mawailesi
Chinthu chimodzi choti muyembekezere poyeza, aphunzitsi. Timamota tachikasu tiwiri sitithamanga mofanana ndendende ngakhale titagulidwa tsiku limodzi, ndiye kaloboti kamakhotera mbali imodzi. Pa 48:1 kukhotako kumachitika pang'onopang'ono, koma mukakweza liwiro kamachoka pa njira msanga, ndipo ekiselo yokhota ya kumanzere ija iwonjezera. Gulu la 24 kwa 16 liwongole kaye sipokoyo poigubuduza pa galasi kapena pa tebulo losalala kuti aone pamene yapindika. Kakamakhoterabe, achepetse nambala ya analogWrite ya mota yothamangayo pang'onopang'ono, mwachitsanzo 255 mbali ina ndi 240 mbali inayo, mpaka kayende molunjika. Alembenso mavolti a mabatire asanayambe kuyeza kulikonse, chifukwa gulu loyamba likayeza pa 8.4V ndipo lachiwiri pa 7.5V, adzanamizira magiya kusiyana kumene kwabwera ndi mabatire.